Chikwama si thumba

Pa Lirangwe, m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Blantyre kupita ku Zalewa, wogula chimanga amafunsa mtengo wa thumba, koma ndalama zolipirira amazitulutsa m'chikwama. Ambiri amati awiriwa amasiyana kukula basi. Ine ndikuti amasiyana pakamwa. Thumba limakhala kukamwa yasa mpaka mwini wake alimange ndi chingwe, pamene chikwama chimasokedwa ndi chotsekera chake, kaya zipi, batani kapena tizitsulo. Taonani telala akamasoka kachikwama ka zidutswa za chitenje. Amasoka nsalu ziwiri, yakunja ndi yam'kati yobisa misoko, n'kusiya mpata m'mphepete mwa pakamwa wolowetsamo tizitsulo tiwiri topyapyala. Mukafinya nsonga zake kachikwamako kamayasama, mukasiya kamadzitseka kokha, ndipo khobidi siligwa ngakhale mukazondotse.

Wina anganene kuti thumba la thalauzi nalonso limasunga ndalama, ndiponso timati thumba la chitukuko tikamanena ndalama za dera. Zoona, koma zonsezi zikundivomereza. M'thumba la thalauzi dzanja limangolowa, la mwini ngakhale la wopisa m'matumba pamsika, ndipo thumba la chitukuko ndi la anthu ambiri, loponyamo ndi kutapamo. Ena amakayikira ngati mawu oti chikwama ndi a Chichewa poti Azulu amati isikhwama, Ashona chikwama, ndiye mwina anabwera ndi a matchona. Kaya anadzera kuti, Achewa anawapatsa ntchito yawoyawo, n'chifukwa chake telala mukamuuza kuti akusokereni kathumba sakufunsani za zipi.