Njala ndi Nthenda pa Malire a Muloza

Ambiri a makolo athu Alomwe anaoloka malire ano zaka za kuciyambi kwa 1900, alikuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anapeza nthaka yokoma ya m'tsinde mwa phiri la Mlanje itagwidwa kale ndi Azungu, oyamba ndi khofi, pambuyo pace tiyi. Anakhala pa thangata, nalima kamunda kotsala. Apo ndipo panayambira ucepa wa nkhokwe zathu.

Tsono nkhokwe yaing'ono itha mu January ndi February, miyezi yomweyo imene udzudzu ucuruka ndi malungo alowa m'nyumba. Mwana wosadya bwino agwa msanga, nacira mocedwa. Mai akamdikira ku cipatala, khasu ligona, maudzu nadya cimanga, ndipo njala ya caka camawa yabzalidwa kale. Ine mphunzitsi ndiiwerenga m'buku la maina: mipando yopanda ana icuruka miyezi imeneyo.

Mu 1949 mvula inakana, makamaka ku dera la Blantyre, ndipo amuna anamwazika kufuna cakudya kufikira kwa Apwitikizi. Mu 2002 njala inadza pamodzi ndi kolera. Apo cimanga ca ku Milange, coolotsa pa njinga pano pa Muloza, cinapulumutsa ambiri, koma okhawo okhala ndi ndarama m'manja.

Wina adzati, Nanga cipatala ca Boma si caulere kodi? Indedi ncaulere. Koma njinga yonyamula wodwala siyenda ulere, womdikira ayenera kudya, ndipo mankhwala akasowa tigula ku sitolo. Zipatala za Mishoni zilipiritsa, pakuti nazonso zigula mankhwala. Ndico cifukwa cace kuyambira 2006 Boma linayamba kupangana nazo kuti lizilipirira amai apakati ndi makanda. Pangano limenelo ndiliyamika, ngakhale silinafikire nkhalamba yodwala cifuwa.

Mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola minda, nyumba ndi milatho ya kuno. Mabanja ambiri anatsala ndi mbuzi imodzi kapena nkhuku zowerengeka, ndipo mwana atatentha thupi usiku, bambo ndi mai anakhala pansi kufunsana: tikagulitsa mbuziyi, tigule ufa wa ana onse, kapena tinyamule mmodziyu kunka naye kwa dotolo?