Mbiri ya American Political Science Review, magazini ya kafukufuku wa zandale

American Political Science Review ndi magazini ya kafukufuku wa zandale yomwe inayamba kutuluka ku United States mu Novembala 1906, ndipo mpaka lero imatuluka kanayi pa chaka. Mwini wake ndi bungwe la American Political Science Association, lomwe linakhazikitsidwa mu Disembala 1903 pa msonkhano wa ku New Orleans. Mtsogoleri woyamba wa bungweli anali Frank Goodnow, katswiri wa malamulo a kayendetsedwe ka boma. Magazini ina ya mtundu womwewu, Political Science Quarterly, inali itayamba kale mu 1886 ku yunivesite ya Columbia, koma inali m'manja mwa aphunzitsi a sukulu imodzi. Amene anayambitsa magazini yatsopanoyi ankafuna bwalo la onse, poti pa nthawiyo maphunziro a zandale anali akungopatuka kumene ku maphunziro a mbiri yakale, a malamulo ndi a zachuma, ndipo ankafunika kudziwika paokha.

Mkonzi woyamba anali W. W. Willoughby wa ku yunivesite ya Johns Hopkins. Nkhani yoyamba yeniyeni m'kope loyamba inalembedwa ndi mtolankhani wa ku Britain, A. Maurice Low, ndipo inali yodzudzula nyumba ya Senate ya ku America kuti yadziunjikira mphamvu zomwe malamulo aakulu a dziko sanaipatse. Zimenezi zikusonyeza mmene zinthu zinalili poyamba. Olemba sanali aphunzitsi a m'mayunivesite okha. Analipo maloya, oweruza, atolankhani ndi akuluakulu a boma. Zomwe ankalemba zinali za malamulo oyendetsera dziko, zigamulo za makhothi, kakonzedwe ka maboma a m'mizinda ndi mapangano a pakati pa mayiko. Masamba ambiri ankadzaza ndi malipoti a malamulo atsopano omwe nyumba zamalamulo zakhazikitsa, ndemanga za mabuku, ndi nkhani za aphunzitsi omwe asamukira ku sukulu ina. Kwa mphunzitsi wa pa koleji yakumudzi, kutali ndi laibulale yaikulu, magaziniyi inali njira yodziwira zomwe anzake akuchita.

Maganizo a nthawiyo anali oti ukadziwa malamulo a dziko ndi maofesi ake, wadziwa ndale zake. Anthu wamba oponya voti sankaoneka kwenikweni m'masamba amenewo. Anthu akuda a ku America, omwe m'zigawo za kum'mwera ankaletsedwa kuvota m'zaka zomwezo, ankatchulidwa mwa apo ndi apo, ndipo kawirikawiri ngati vuto la malamulo osati ngati nzika zolandidwa ufulu. Limeneli ndi banga lalikulu pa mbiri ya magaziniyi, ndipo linatenga zaka zambiri lisanayambe kufufutidwa. Munthu wakuda woyamba kutsogolera bungweli anali Ralph Bunche, m'zaka za m'ma 1950.

Mmodzi mwa oyamba kugwedeza maganizo akalewa anali Charles Merriam wa ku yunivesite ya Chicago. Mu 1921 analemba m'magaziniyi kuti akatswiri a zandale aleke kudalira zikalata zokha, ayambe kugwiritsa ntchito ziwerengero ndi maphunziro a kaganizidwe ka munthu kuti aone mmene anthu amachitiradi ndale. Wophunzira wake Harold Gosnell anayesa zimenezi mumzinda wa Chicago pa zisankho za 1924 ndi 1925. Anagawa anthu a m'madera osankhidwa m'magulu awiri. Gulu lina analitumizira timakalata tokumbutsa kukalembetsa ndi kukavota, linalo analisiya, kenako anawerenga kuti ndi angati anapita ku gulu lililonse. Anapeza kuti timakalatato tinakweza chiwerengero cha ovota, ndipo zotsatirazo zinatuluka m'magaziniyi mu 1926. Ntchitoyi inadza nthawi yake isanakwane. Frederic Ogg wa ku Wisconsin, yemwe anakhala mkonzi kuyambira 1926 mpaka 1949, anapitiriza kuyendetsa magaziniyi m'njira yakale yomwe ija, ndipo panapita zaka zoposa 70 njira ya Gosnell isanatsitsimuke.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinthu zinasintha msanga. Mayunivesite anakula, mabungwe othandiza monga Ford Foundation anaika ndalama zambiri mu kafukufuku wa khalidwe la anthu, njira zofunsira anthu ochuluka mafunso ofanana zinakhwima, ndipo kenako makompyuta anafika. Mu 1950 magaziniyi inasindikiza lipoti la komiti yotsogozedwa ndi E. E. Schattschneider, lolimbikitsa kuti zipani ziwiri za ku America zikhale ndi mfundo zosiyana moonekera bwino kuti wovota azidziwa chomwe akusankha. Lipotili limatchulidwabe lero, makamaka ndi omwe amaona kuti zipanizo zatalikirana mopitirira muyeso.

Imodzi mwa nkhani zomwe zinafalikira kwambiri m'nyengo imeneyo ndi ya Seymour Martin Lipset ya mu 1959, yokhudza ubale wa chuma ndi demokalase. Lipset anaika mayiko a ku Ulaya, mayiko olankhula Chingerezi ndi a ku Latin America m'magulu, ena a demokalase yokhazikika, ena a ulamuliro wankhanza kapena wosakhazikika. Kenako anayerekezera zinthu zowerengeka: ndalama zomwe munthu amapeza pa chaka, kuchuluka kwa madokotala, magalimoto, matelefoni, mawailesi ndi nyuzipepala, chiwerengero cha odziwa kuwerenga ndi cha okhala m'mizinda. Anapeza kuti mayiko olemera ndi ophunzira ndiwo amasunga demokalase. Mfundoyi inalowa m'mabuku ophunzitsira ndi m'maganizo a mabungwe opereka thandizo ku mayiko osauka. Inadzutsanso mtsutso womwe sunathe mpaka pano. Adam Przeworski ndi Fernando Limongi anayankha mu 1997, m'magazini ina, kuti chuma sichibala demokalase koma chimaiteteza ikabadwa. India, komanso Malawi yemwe wakhala akuchita zisankho za zipani zambiri kuyambira 1994 ali pakati pa mayiko osaukitsitsa, ndi zitsanzo zosonyeza kuti mfundo ya Lipset imanena za zomwe zimachitika kawirikawiri, osati lamulo losasweka.

Pofika 1961, Robert Dahl analemba m'magazini yomweyi kuti gulu lofuna kuphunzira khalidwe la anthu pa ndale lapambana, moti silikufunikanso kudzitcha gulu lapadera. Chaka chotsatira Peter Bachrach ndi Morton Baratz anatsutsa njira ya Dahl yoyezera mphamvu. Iwo anati kuona yemwe wapambana pa mkangano wa poyera sikokwanira, chifukwa mwini mphamvu weniweni amatha kutsekereza nkhani kuti isafike n'komwe pa bwalo. Nkhani yawo ndi yaifupi, ilibe masamu, koma ili m'gulu la nkhani zotchulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya magaziniyi. M'zaka zomwezo kunakhazikika mwambo woti nkhani iliyonse iyambe yaunikidwa ndi akatswiri ena, osadziwa dzina la wolemba, wolembayonso osadziwa mayina awo. Nkhani za ntchito ndi za misonkhano zinasamukira ku magazini ina ya bungweli, yotchedwa PS, yomwe inayamba mu 1968.

Kupambana kwa ziwerengero kunabala madandaulo akeake. Pomwe nkhondo ya ku Vietnam inali mkati ndipo mizinda ya ku America inali pa chipwirikiti chifukwa cha tsankho, mamembala ena anapanga gulu la Caucus for a New Political Science mu 1967, ponena kuti magaziniyi yatseka maso pa mavuto omwe akuwotcha dziko. David Easton, yemwe anali mmodzi wa atsogoleri a njira yatsopano ija, anavomereza zambiri mwa zodandaulazo m'mawu ake monga mtsogoleri wa bungwe mu 1969. Komabe masamu anapitirira kuchuluka. William Riker ndi Peter Ordeshook mu 1968 anayesa kufotokoza ndi masamu chifukwa chomwe munthu amavutikira kukavota chikhalirecho voti yake imodzi siingasinthe zotsatira. Njira imeneyi, yoona munthu ngati wowerengera phindu ndi zotayika asanachite kanthu, inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ina mwa ntchito zake inali yozama. Robert Axelrod mu 1981 anasonyeza mmene anthu odzikonda angayambire kugwirizana ngati akudziwa kuti adzakumananso. Mancur Olson mu 1993 anasiyanitsa wachifwamba woyendayenda, yemwe amalanda zonse n'kupita, ndi wachifwamba wokhazikika, yemwe amasiyira anthu zina kuti chaka chamawa adzapezenso chotenga, ndipo anati maboma ambiri anayamba motero. Elinor Ostrom, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, anagwiritsa ntchito masamba omwewa mu 1998 posonyeza kuti kukhulupirirana ndi mbiri yabwino zimachititsa anthu kusamalira zinthu za onse kuposa mmene masamu oyambirirawo ankanenera.

Mkangano waukulu unabuka mu Okutobala 2000, pamene munthu wodzitcha Mr. Perestroika anatumiza kalata ya pa intaneti kwa anzake ochepa, ndipo m'masiku owerengeka inafalikira paliponse. Kalatayo inafunsa chifukwa chomwe akatswiri odziwa bwino mayiko ena, zilankhulo zawo ndi mbiri yawo sawerenga magaziniyi kapena kulembamo. Mkwiyowo unali ndi maziko. Nkhani imodzi yotuluka m'magaziniyi imatha kupezetsa munthu ntchito pa yunivesite yotchuka kapena kumukhazikitsa pa udindo kwa moyo wake wonse, ndipo mwa nkhani zoposa 1,000 zomwe zimatumizidwa pa chaka masiku ano, zolandiridwa sizifika 10 pa 100 zilizonse. Choncho zomwe akonzi amakonda zimasanduka zomwe ophunzira a digiri yaukachenjede amasankha kufufuza. Bungwe linayankha poyambitsa magazini ina mu 2003, Perspectives on Politics, yolandira nkhani za mitundu yambiri, ndipo ndemanga za mabuku zinasamukira kumeneko. Lee Sigelman, mkonzi wa kuyambira 2001 mpaka 2007, anayesetsa kutsegula chitseko kwa olemba a njira zosiyanasiyana.

Nthawi yomweyo njira ya Gosnell inabwerera. Alan Gerber ndi Donald Green anasindikiza mu 2000 zotsatira za kafukufuku wa mumzinda wa New Haven pa chisankho cha 1998, pomwe anapeza kuti kufikira munthu pakhomo n'kulankhula naye maso ndi maso kumamuchititsa kukavota kuposa kalata kapena foni. Kosuke Imai atapeza zolakwika m'ziwerengero zawo, magaziniyi inasindikiza kudzudzula kwake pamodzi ndi kukonza kwa eni ake mu 2005. Zipani ndi mabungwe okopa anthu ku America anatengera zotsatirazi pa ntchito yawo. Mu 2003 James Fearon ndi David Laitin anaunika nkhondo zapachiweniweni 127 za pakati pa 1945 ndi 1999, napeza kuti kuchuluka kwa mitundu kapena zipembedzo m'dziko sikulosera nkhondo. Zomwe zimalosera ndi umphawi, kufooka kwa boma, kuchuluka kwa anthu ndi mapiri obisalamo zigawenga.

Nkhani ya Daniel Posner ya mu 2004 inafika pafupi ndi kwathu kuno. Iye anafunsa chifukwa chomwe Achewa ndi Atumbuka amaonana ngati opikisana pa ndale ku Malawi pomwe ku Zambia amakhala mbali imodzi. Anasankha midzi inayi ya m'mbali mwa malire, iwiri ya Achewa ndi iwiri ya Atumbuka, umodzi wa mtundu uliwonse tsidya lino ndi unzake tsidya lina, kuti miyambo ikhale yofanana koma mayiko osiyana. Anafunsa anthu ngati angavotere pulezidenti wa mtundu winawo, komanso ngati angakwatirane nawo. Okana anachuluka kwambiri ku Malawi kuposa ku Zambia, ngakhale kuti mbali zonse ziwiri anatchula kusiyana komwekomweko kwa miyambo, monga gule wamkulu, malowolo ndi chikamwini. Posner anati yankho lili m'kukula kwa magulu. Mwa ziwerengero zomwe anagwiritsa ntchito, Achewa anali pafupifupi 28 pa anthu 100 aliwonse ku Malawi ndipo Atumbuka 12, magulu aakulu okwanira kuti wandale amangepo chipani. Ku Zambia anali 7 ndi 4 okha, kotero wandale amapindula powasonkhanitsa onse monga anthu akum'mawa. Kafukufukuyu anali wa midzi inayi yokha, ndipo sangafotokoze zonse zomwe ulamuliro wa Kamuzu Banda unasiya m'mitima ya anthu akumpoto, koma mfundo yake yakuti malire a dziko amatha kusandutsa kusiyana kwa miyambo kukhala nkhani ya ndale imaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri pa dziko lapansi.

M'zaka zaposachedwa mikangano yakhala pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi lamulo loti wolemba aziika poyera ziwerengero ndi umboni wake kuti ena athe kubwereza kafukufukuyo. Ogwiritsa ntchito masamu analilandira, koma ofufuza pocheza ndi anthu m'madera a nkhondo kapena a maboma ankhanza anachenjeza kuti lingaike pa ngozi omwe anawauza zakukhosi. Chachiwiri ndi funso la omwe amalemba. Dawn Teele ndi Kathleen Thelen anasonyeza mu 2017 kuti amayi ndi ochepa pakati pa olemba m'magazini akuluakulu a zandale poyerekeza ndi chiwerengero chawo m'ntchitoyi. Mu 2016 ukonzi unapita ku Ulaya, motsogozedwa ndi Thomas König wa ku yunivesite ya Mannheim, ndipo gulu lake linayambitsa gawo la nkhani zifupizifupi. Mu 2020 unaperekedwa kwa gulu la amayi 12, mmodzi mwa iwo Aili Mari Tripp, wodziwika ndi kafukufuku wa amayi ndi ndale mu Africa. Magaziniyi tsopano imasindikizidwa ndi Cambridge University Press ndipo ambiri amaiwerenga pa intaneti. Nkhani zokhudza Africa zachuluka kuposa kale, koma ambiri mwa olemba ake akadali a m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya.