Fumbi la ku Joni linafika kumapiri kwathu

Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tinakula tikuona madala obwera ku Joni ali ndi njinga, wailesi ndi jekete lolemera, koma usiku onse akutsokomola. Chifuwacho ena ankati n'cha ukalamba, ena ankati alodzedwa. Chinali fumbi la mwala wa m'migodi ya golide, limene limaumitsa mapapo pang'onopang'ono. Madokotala amati silicosis, ndipo mapapo otere TB imawagwira msanga.

Malamulo analipo ndithu. Mu 1912 South Africa inakhazikitsa lamulo la chipukuta misozi kwa odwala mapapo m'migodi, koma silinayeze anthu mofanana. Mzungu ankapimidwa ndi kusamalidwa, pamene wakuda ankapatsidwa kandalama kochepa, kapena osapatsidwa n'komwe, n'kumubweza kumudzi. Apa ndiye panali chinyengo chake: matendawa amatha kuonekera patadutsa zaka munthu atasiya ntchito. Pofika nthawiyo anali ku Mponela kapena ku Malomo, kutali ndi dokotala wa kampani, akusamalidwa ndi mkazi wake.

Ngakhale chiletso cha mu 1913, choti Wenela isalembe anthu ochokera kumaiko akumpoto ngati kwathu kuno, chinabwera ambiri atafa kale ndi chibayo m'makomboni, ndipo chinachotsedwa m'ma 1930. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi 74 obwerera kwawo n'kufera pomwepo. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo oposa 100,000 anabwerera. Ndege inamveka dziko lonse. Za fumbi palibe analankhula.

Kuno kwathu lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito linabwera mu 1997, la chipukuta misozi mu 2000, koma awa sakhudza zimene zinachitika m'mgodi wa dziko lina. Mpaka mu 2019 ndi pamene khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani asanu ndi imodzi apereke R5 biliyoni kudzera ku Tshiamiso Trust, kwa amene anagwira ntchito kuyambira pa 12 March 1965. Pamafunika umboni wa ntchito ndi wachipatala. Ambiri mwa madala aja anagona kale, ndipo m'nyumba zina mapepala a kontirakiti anadyedwa ndi chiswe.