Amalinyero ndi Acifwamba a pa Nyanja Yamcere

Mzinda wa Pretoria uli kumtunda, kutali ndi nyanja yamcere, koma ndiko kuli likulu la ankhondo a pamadzi a dziko la South Africa. M'caka ca 2011 akulu a kumeneko anatumiza sitima yankhondo yochedwa Mendi kukalonda ku Pemba, m'dziko la Mozambique. Cimene cinawadzutsa ndi tsoka limene linagwera sitima yopha nsomba ya ku Beira, dzina lace Vega 5.

Sitimayi inali ndi anthu 24, ndipo 19 mwa iwo anali a ku Mozambique. Kumapeto kwa December 2010 acifwamba a ku Somalia anailanda pakati pa Mozambique ndi Madagascar, nakakamiza amalinyero kuiyendetsa pokasaka zombo zina. Pa 12 March 2011 ankhondo a ku India anaipeza, ndipo pakumenyanako inapsa. Anaombola amalinyero 13, nagwira acifwamba 61. Awiri a ku Spain, amene anasungidwa kumtunda, anamasulidwa m'May. Otsala 9 sanaonekenso.

Nanga mmalinyero wopanda mfuti akanacitanji? M'zaka zimenezo a m'zombo zamalonda anaphunzira nzeru zao. Anaika alonda usana ndi usiku. Anazinga m'mbali mwa combo ndi waya waminga, nakonzeratu mipope yothira madzi mwamphamvu pa wokwera makwerero. Poona timabwato tikudza, anathamangitsa combo ndi liwiro lace lonse, cifukwa cothamanga ncobvuta kucikwera. Zikalephereka izi, anazimitsa injini, nadzitsekera m'cipinda ca zitseko zacitsulo, ali ndi madzi, cakudya ndi wailesi yoitanira thandizo. M'April 2009 amalinyero a Maersk Alabama anabisala comweco, nazimitsa magetsi, ndipo acifwamba anacoka opanda combo, atatenga mtsogoleri wace yekha, Richard Phillips, amene anaomboledwa patapita masiku owerengeka.

Koma wogwidwa analangizidwa kuti asalimbane ndi mwini mfuti, koma afatse, asunge mphamvu zace, nalimbikitse anzace kufikira dipo litaperekedwa. Kudikirako nthawi zina kunali kwa zaka. A m'combo ca Iceberg 1 anakhala m'ukapolo kuyambira March 2010 kufikira December 2012, ndipo si onse anabwerera kwao.

Mutu umodzi susenza denga. M'February 2012 South Africa, Mozambique ndi Tanzania anapangana kulonda nyanjayo pamodzi; eni zombo naonso anayamba kulemba alonda amfuti, ndipo kuyambira caka comweco ucifwamba unacepa ndithu. Omvera a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, amene mafuta ndi feteleza wao atsikira pa Beira, akumbukire kuti katunduyo amadza ndi anthu, ndipo ena a iwo anasiya ana amasiye.