Mike Ferreira: Katswiri wa ku Zimbabwe pa Mpikisano wa Njinga Zamoto ku Britain

Mike Ferreira ndi mmodzi mwa anthu ochepa a ku Zimbabwe amene anatchuka kunja pa masewero a speedway, omwe ndi mpikisano wa njinga zamoto wochitikira pabwalo ladothi. Iye anabadwira m'dzikoli pamene linkatchedwa Southern Rhodesia, koma mbiri yake anaipangira mu ligi ya ku Britain, makamaka ku timu ya Canterbury Crusaders. M'chaka cha 1981 anapambana mpikisano wa akatswiri a ligi ya National League, patangotha chaka chimodzi dziko lake litalandira ufulu.

Mmene masewerowa amachitikira

Bwalo la speedway limakhala lozungulira ngati dzira, ndipo kutalika kwa njira yake kumayambira pa mamita 260 kufika pa mamita 425. Pa ulendo uliwonse pamapikisana anthu anayi, omwe amazungulira bwalolo kanayi akukhotera kumanzere. Ulendo umodzi umatha pakangodutsa pafupifupi mphindi imodzi. Woyamba amapeza mapointi atatu, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi, ndipo wotsiriza amachoka chimanjamanja.

Njinga zake n'zosiyana ndi zimene zimayenda mumsewu. Zili ndi injini ya 500cc, giya imodzi yokha, ndipo zilibe mabuleki. M'malo mwa petulo zimayendera mafuta otchedwa methanol. Pofika pokhota, wokwera amapendeketsa njinga n'kulola tayala lakumbuyo kuti literereke cham'mbali, phazi lamanzere lovala chitsulo likukhwekhwereza pansi. Apa ndi pamene pagona luso lonse, komanso ndi pamene pamachitika ngozi zambiri. M'nthawi ya Ferreira okwera ambiri ankagwiritsa ntchito injini za Jawa zochokera ku Czechoslovakia kapena za Weslake zopangidwa ku England.

Chiyambi chake ku Rhodesia

Masewerowa anakula ku Australia m'zaka za m'ma 1920 ndipo anafika ku Britain mu 1928. Ku Rhodesia anapeza mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene Alex Hughson, yemwe kale ankakwerera timu ya Edinburgh Monarchs ku Scotland, anathandiza kukhazikitsa mipikisano m'mizinda ya Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo, imene lero ndi Harare, Bulawayo ndi Gweru. Ku Salisbury mipikisanoyi inkachitikira pabwalo la Glamis, mkati mwa malo a chionetsero cha zaulimi.

Ku Britain ligi imayamba mu Marichi n'kutha mu Okutobala. Choncho m'miyezi yozizira kumeneko okwera ena ankabwera kudzapikisana kum'mwera kwa Africa, ndipo anyamata a m'dzikoli ankaphunzira poyang'anizana nawo. Alendowa akabwerera kwawo ankakafotokoza za aluso amene awaona, ndipo umu ndi mmene njira yopitira kunja inatsegukira. Peter Prinsloo anatsogola, ndipo anadziwika ku timu ya Exeter Falcons m'zaka za m'ma 1970.

Panali chifukwa china chimene chinkakankhira okwerawa kunja. Boma la azungu la Ian Smith litalengeza palokha kuti ladzipatula ku Britain mu Novembala 1965, mayiko ambiri anakana kulivomereza, ndipo dziko la Rhodesia linatsekeredwa kunja m'mipikisano yambiri yapadziko lonse. Mkati mwa dzikomo, masewero a njinga zamoto anali m'manja mwa azungu, omwe anali ochepa koma ndiwo anali ndi ndalama zogulira makina. Munthu wofuna kudya za thukuta lake pa speedway ankayenera kuwoloka nyanja.

Zaka za ku Canterbury

Timu ya Canterbury Crusaders inakhazikitsidwa mu 1968 ndi Johnnie Hoskins, bambo wobadwira ku New Zealand yemwe dzina lake limatchulidwa kawirikawiri pofotokoza chiyambi cha masewerowa. Bwalo lake linali la Kingsmead, mumzinda wa Canterbury m'chigawo cha Kent. Timuyi inkasewera mu ligi yachiwiri, yomwe inayamba mu 1968 ndi dzina loti British League Division Two ndipo kenako inatchedwa National League. Okwera ake ambiri anali a ku Britain, Australia ndi New Zealand, moti munthu wa ku Africa ankaoneka mlendo weniweni.

Ferreira anali m'gulu la Canterbury limene linatenga ligi mu 1978. Aka kanali kachiwiri kuti timuyi ikhale pamwamba, popeza inapambananso mu 1970.

Kuti munthu amvetse udindo wa wokwera mu ligi, ayenera kudziwa kawerengedwe ka mapointi. Timu iliyonse inkakhala ndi okwera asanu ndi awiri, ndipo pa ulendo uliwonse inkatumiza awiri. Eni bwalo ankavala zisoti zofiira ndi zabuluu, pamene alendo ankavala zoyera ndi zachikasu zosakaniza ndi zakuda. M'zaka zimenezo masewero amodzi ankakhala ndi maulendo 13, kutanthauza kuti matimu awiriwo ankalimbirana mapointi 78. Wokwera aliyense ankayezedwa ndi chiwerengero cha mapointi amene amapeza pa maulendo anayi alionse, ndipo chiwerengero chapamwamba kwambiri chinali 12. Mbali yaikulu ya malipiro inkadalira mapointi omwewo, pamene kukonza injini ndi kuyenda maulendo ataliatali kunkadya ndalama zambiri. Wochokera kutali akavulala kapena akayamba kulephera, ankataya malipiro komanso malo m'timu, ali kudziko la eni.

Kupambana kwa 1981

Chaka chilichonse matimu a National League ankatumiza akatswiri awo ku mpikisano wa National League Riders' Championship, umene m'zaka zimenezo unkachitikira pabwalo la Wimbledon mumzinda wa London. Pampikisanowu pankakhala okwera 16 ndi maulendo 20, okonzedwa mwa njira yoti aliyense akumane ndi mnzake aliyense kamodzi. Ferreira ndiye anatenga chikhocho mu 1981. Pakati pa amene anawagonjetsa panali Simon Wigg wa ku England, yemwe pambuyo pake anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu pa mpikisano wa mabwalo aatali.

M'chaka chomwecho Ferreira anapambananso mpikisano wa awiriawiri wa ligiyo m'dzina la Canterbury, mothandizana ndi Denzil Kent, yemwenso anachokera kum'mwera kwa Africa kuno. Pa mpikisano woterewu liwiro lokha silikwanira. Wotsogola ayenera kudziwa pamene mnzake ali, ndipo awiriwo amatseka njira yamkati ndi yakunja kuti otsatira asadutse.

Nthawi ya kupambanaku inali yofunika kwa dziko lake. Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 Epulo 1980, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake timu ya amayi ya masewero a hockey inatenga mendulo yagolide pa mpikisano wa Olimpiki ku Moscow. Ferreira, yemwe anafika ku Canterbury ngati munthu wa ku Rhodesia, ananyamula zikho zake ngati nzika ya Zimbabwe. Atachoka ku Canterbury anakwereranso matimu a Swindon Robins ndi Wimbledon Dons.

Zimene zatsalapo

Malo ambiri a mbiriyi anasintha. Timu ya Canterbury Crusaders inatha mu 1987 itataya bwalo la Kingsmead. Ku Wimbledon mipikisano ya speedway inasiya mu 2005, ndipo bwalolo linatsekedwa mu 2017 lisanagwetsedwe. Ku Zimbabwe ligi ya matimu a m'mizinda inatha kalekale. Anthu a m'madera odzaza a Harare monga Mbare, Highfield ndi Budiriro, komwe kulinso mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amadziwa bwalo la Glamis ngati malo a zoimbaimba ndi chionetsero chapachaka. Dera la Budiriro lenilenilo linayamba kumangidwa Ferreira atapambana kale chikho chake. Dzina lake lidakalipo pa mndandanda wa akatswiri a ligi yachiwiri ya ku Britain, pa mzere wa chaka cha 1981.