Mitsinje ya Trout ku Nyika ndi ku Zomba

Uwedzi wotchedwa fly fishing umasiyana ndi wa nyongolotsi chifukwa nyambo yake si chamoyo ayi, koma nthenga ndi ubweya zomangidwa pa mbedza mofanizira kachilombo kamene nsomba imadya, ndipo popeza nyamboyo ndi yopepuka zedi, chimene chimaiponya patali ndi kulemera kwa chingwe. Nyambo yoyandama imatchedwa dry fly, pamene nymph ndi imene imamira n'kumatengedwa ndi madzi monga amachitira kachilombo kosamera mapiko. Nthawi imene tizilomboti timatuluka m'madzi tambirimbiri kuti tiuluke ndiyo hatch.

M'Malawi nsomba yodziwika pa uwedzi umenewu ndi rainbow trout, yomwe kwawo ndi kumadzulo kwa North America koma inabweretsedwa kuno m'nthawi ya atsamunda. Nsombayi imafuna madzi ozizira okhala ndi mpweya wambiri, moti akafunda kupitirira madigiri 25 imafooka mpaka kufa. N'chifukwa chake mtsinje wa Shire, ndi ukulu wake wonse, ulibe gawo pa nkhaniyi. Mitsinje yoyenera ili pamapiri, monga Chelinda ku Nyika, pamtunda wa mamita oposa 2,000, ndi Mulunguzi pa phiri la Zomba.

Pa uwedziwu mawu ofunika kwambiri ndi ofotokoza kayendedwe ka madzi. Riffle ndi pamene madzi osaya amathamanga pa nsangalabwi n'kusakanikirana ndi mpweya, ndipo m'miyala imeneyo ndi mmene tizilombo timakulira. Kumunsi kwake kumakhala dziwe, pomwe trout imabisala poopa mbalame zodya nsomba. Malo amene wowedza wodziwa amayang'ana poyamba ndi seam, mzere umene madzi othamanga amakumana ndi odekha, pakuti nsomba imaima mbali yodekhayo osawononga mphamvu, n'kumadikira chakudya chobwera chokha. Nyambo ikakokedwa ndi chingwe n'kuyenda mosiyana ndi liwiro la madzi, vuto lotchedwa drag, kawirikawiri trout imazindikira chinyengocho.

Zonsezi zimadalira mitengo ndi udzu za m'mbali mwa mtsinje. Zikadulidwa kapena kupsa ndi moto wolusa, dzuwa limatenthetsa madzi, matope amakwirira nsangalabwi zimene trout imaikiramo mazira, ndipo mtsinjewo umasiya kukhala wa trout ngakhale madzi akuyendabe chaka chonse.