Kunenepa Kwambiri: Ciyambi Cake, Matenda Ake ndi Kadyedwe Koyenera

Kunenepa kwambiri ndiko kuculuka kwa mafuta m'thupi kufikira poononga thanzi la munthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation, WHO, limaika vutoli m'gulu la matenda okhalitsa. Bungweli linalengeza kuti m'caka ca 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali wonenepa kwambiri, ndiponso kuti ciwerengero ca acikulire otere cinawirikiza koposa kawiri kuyambira m'caka ca 1990.

Dziko la Zambia nalo lakhudzidwa. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 pakati pa anthu a zaka 18 kufika 69 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 4 alionse anali ndi thupi lolemera kupyola muyezo, ndipo akazi ndiwo anaculuka kuposa amuna. Kafukufuku wina wa boma woona za ciwerengero ca anthu ndi umoyo wao anapeza kuti akazi a zaka 15 kufika 49 olemera kupyola muyezo anali 19 pa 100 alionse m'caka ca 2007, koma pofika 2013 ndi 2014 anakwana 23 pa 100 alionse. Vutoli linali lalikulu m'mizinda kuposa m'midzi.

Izi zikucitika m'dziko limene ana ambiri akali opinimbira. M'caka ca 2018, ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali aafupi poyerekeza ndi zaka zao cifukwa ca kupelewera kwa zakudya. Motero m'nyumba imodzi mungapezeke mai wonenepa kwambiri ndi mwana wosakula bwino. Akatswiri a zakudya amanena kuti mavuto awiriwa kawirikawiri amacokera m'mbale imodzi: nsima yambiri, ndiwo zocepa za mtundu umodzimodzi, kuonjezapo shuga ndi saladi. Mbale yotere imakhutitsa mimba, koma siipatsa thupi zonse zimene limafuna.

Kudziwa ngati thupi lapyola muyezo

Azaumoyo amagwiritsa nchito muyezo wochedwa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Amatenga makilogalamu a munthu ndi kuwagawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenaka yankho lake amaligawanso ndi kutalika komweko. Kwa munthu wamkulu, yankho la pakati pa 18.5 ndi 24.9 lisonyeza thupi loyenera. Kuyambira 25 thupi lapyola muyezo, ndipo kuyambira 30 munthuyo ndi wonenepa kwambiri. Mwacitsanzo, munthu wotalika mamita 1.6 amafika pa 25 akalemera makilogalamu 64, ndipo amafika pa 30 akalemera makilogalamu 77.

Malo amene mafuta aunjikana alinso ndi tanthauzo. Mafuta a pamimba, amene amakuta ciwindi ndi matumbo, ndiwo oopsa kuposa a m'matako ndi m'nchafu. Ngozi imayamba kukula pamene ciuno ca mkazi capitirira masentimita 80, kapena ca mwamuna capitirira masentimita 94. Amene alibe sikelo angadziyese ndi cingwe: adule cingwe colingana ndi kutalika kwao, acipinde pakati, ndi kucizunguliza pamimba ca pamcombo. Ngati nsonga zake sizikumana, mimba yakula kupyola muyezo. Ana ndi amai apakati ali ndi miyezo yaoyao imene imatsatiridwa ku kiliniki.

Cimene cimacititsa kunenepa

Thupi limatenga mphamvu m'cakudya ndi kuigwiritsa nchito popuma, poyenda ndi pogwira nchito. Mphamvu yotsala limaisunga monga mafuta. Munthu akamadya zoposa zimene thupi limagwiritsa nchito, tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, nkhokwe imeneyi imangokulirakulira.

Kusintha kwa kakhalidwe ndiko kwakulitsa vutoli. Mlimi amene amalima ndi khasu, kutunga madzi ndi kuyenda mtunda wautali amatha mphamvu yonse ya nsima imene wadya. Munthu yemweyo akasamukira ku Lusaka, Ndola kapena Kitwe, nayamba kukwera minibasi ndi kukhala tsiku lonse mu ofesi kapena pa thebulo la malonda, kaŵirikaŵiri sacepetsa nsima. M'malo mwake amaonjezapo buledi, vitumbuwa, chipisi, soseji ndi zakumwa zotsekemera, zimene zimapezeka pa ngodya iliyonse.

Pali zifukwa zinanso. Ena amatengera ku mtundu kwao, ndipo matupi ao amasunga mafuta msanga. Kusagona mokwanira, nkhawa, mowa, matenda ena a m'thupi ndi mankhwala ena, kuphatikizapo ena a ma ARV, zingaonjeze thupi. Wodwala amene waona kuti wanenepa atayamba mankhwala sayenera kuwaleka, koma akafotokoze kwa dokotala. Pa cifukwa cimeneci si bwino kunyoza munthu wonenepa kuti ndi waulesi kapena wadyera, pakuti citonzo cimamulepheretsa kupita ku cipatala.

Matenda amene amatsatira

Bungwe la WHO linati m'caka ca 2021 anthu pafupifupi 3.7 miliyoni anafa ndi matenda osapatsirana ogwirizana ndi kulemera kwa thupi kopyola muyezo.

Oyamba ndi matenda a shuga a mtundu waciwiri. Mafuta akaculuka, thupi limaleka kumvera insulini, imene nchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, kotero kuti ena amacita khungu, ena amadulidwa mwendo.

Aciwiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amati BP. Thupi lalikulu limakakamiza mtima kugwira nchito yoposa mphamvu yake, ndipo mafuta amacepetsa njira za magazi. Zotsatira zake ndi matenda a mtima ndi sitiroko, imene imasiya munthu wakufa ziwalo kapena wosatha kulankhula. Kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 5 alionse muno m'Zambia anali ndi BP yokwera. Matendawa angakhale m'thupi zaka zambiri popanda cizindikiro ciliconse.

M'caka ca 2016, nthambi ya WHO yofufuza za khansa inanena kuti kunenepa kumagwirizana ndi mitundu 13 ya khansa, monga ya m'matumbo, ya ciwindi, ya impso, ya m'kati mwa cibaliro, ndi ya m'mawere kwa amai amene analeka kusamba. Kunenepa kumathetsanso mabondo ndi msana, kumabweretsa mkonono ndi kubanika kutulo, ndiponso kungavutitse mkazi kutenga pathupi. Mai wapakati wonenepa kwambiri amakhala pa ngozi ya BP ndi shuga, ndipo nthawi zambiri amabala mwa opaleshoni.

Matenda amenewa amafuna mankhwala a moyo wonse, ndipo amagwira anthu a msinkhu umene banja limawadalira. Atate kapena amai akagwa ndi sitiroko, ndalama za sukulu zimathera ku cipatala, ndipo wina m'banjamo amaleka nchito kuti adwazike.

Magulu a zakudya

M'caka ca 2021 boma, kupyolera mu Unduna wa Zamalimidwe ndi thandizo la bungwe la FAO, linatulutsa malangizo a kadyedwe a dziko la Zambia. Malangizowa amalimbikitsa kudya tsiku lililonse zocokera m'magulu 6.

Gulu loyamba ndi la zopatsa mphamvu: cimanga, mapira, mawere, mpunga, cinangwa ndi kandolo. Unga wa mgaiwa ndi wa roller uli ndi gaga ndi mavitamini ambiri kuposa unga woyera wa breakfast, ndipo umakhalitsa m'mimba. Laciwiri ndi la ndiwo zamasamba monga bondwe, ciwawa, kalembula, lumanda, delele, impwa ndi repu. Lacitatu ndi la zipatso: mango, magwafa, mapapaya, nthoci, malalanje, pamodzi ndi za m'chire monga masuku, masau ndi mabuyu. Lacinai ndi la nsomba, nyama, nkhuku, mazira ndi tizilombo todyedwa monga vinkhubala ndi inswa. Kapenta wa ku Siavonga ndi ku Mpulungu, popeza amadyedwa ndi minga yake, amalimbitsa mafupa. Lacisanu ndi la mkaka ndi mabisi. Lomaliza ndi la nyemba, kayera, nzama, soya ndi nshawa.

Nsima ilibe mlandu. Cofunika ndi kukula kwa mtanda ndi zimene zili pambali pake. Munthu amene sagwira nchito yolemetsa acepetse nsima ndi kuculutsa ndiwo, kotero kuti masamba atenge mbali yaikulu ya mbale. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, osawerengera cinangwa, kandolo ndi mbatatesi. M'caka ca 2017, anthu 9 mwa 10 alionse muno m'Zambia sanali kufika pa muyezo umenewu. Kaphikidwe nako nkofunika: masamba asapse kwambiri, ndipo soda amaononga ena mwa mavitamini ake.

Shuga, mcere ndi saladi

Munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 a shuga woonjezera pa tsiku, amene ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo kucepetsa kufika pa theka la muyezowu nkwabwino koposa. Botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zambiri zotsekemera limatha muyezo wa tsiku lonse. Maheu a m'sitolo, majusi, mabisiketi ndi tiyi wothira masupuni atatu kapena anai zimaonjezanso. Kuyambira m'caka ca 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amaikidwa vitamini A, koma ici si cifukwa comudyera wambiri. Vitamini yemweyo amapezeka mu kandolo wofiira m'kati, maungu, mango, masamba obiriwira ndi cimanga ca olenji.

Mcere usafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, soseji, nsomba zouma ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Kafukufuku wa 2017 anapeza kuti munthu wamkulu m'Zambia amadya magalamu pafupifupi 9.5, kumene kuli ngati kuwirikiza kawiri. Kucotsa mcere pa thebulo ndi njira yapafupi yoyambira.

Galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya galamu imodzi ya unga. Motero saladi ayezedwe ndi supuni, osati kungothira kucokera m'botolo. Kuwiritsa, kuocha ndi kutendera ndiwo ndi nsinjiro pang'ono nkwabwino kuposa kukazinga masiku onse. Mowa nawo uli ndi mphamvu yambiri imene imasanduka mafuta a pamimba.

Ana

Akuluakulu amati mmera mpoyamba. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo, akulandiranso phala lothira nsinjiro, kapenta wosinja, dzira kapena masamba. Kuyamwitsa kumacepetsa ngozi ya kunenepa mwanayo akakula. Mwana amene anapinimbira ali wakhanda, akadzayamba kudya zonona ndi zotsekemera zambiri atakula, amakhala pa ngozi yaikulu ya shuga ndi BP. Makolo ayang'anenso zimene amanyamulira ana ku sukulu. Kandolo wophika, nshawa, cimanga, cipatso ndi madzi akumwa zimaposa tokhwasula ta m'mapaketi ndi zakumwa zautoto.

Kulimbitsa thupi ndi kucepetsa kulemera

Malangizo a WHO a m'caka ca 2020 amati munthu wamkulu acite nchito yotulutsa thukuta kwa mphindi 150 kufika 300 pa mlungu, ndipo ana a sukulu mphindi 60 pa tsiku. Kuyenda mwandawala, kuchova njinga, kulima m'dimba, kuvina ndi kusewera mpira zonse zimawerengedwa.

Sikofunika kutaya thupi lalikulu kuti phindu lioneke. Kutsitsa makilogalamu 5 kufika 10 pa 100 alionse a thupi kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga. Kafukufuku wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka m'caka ca 2002 anaonetsa kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atasintha kadyedwe ndi kuyamba kulimbitsa thupi, anacepetsa ngozi yao ndi 58 pa 100. Kuona maso a nkhono nkudekha: thupi lotsika pang'onopang'ono ndilo limakhalitsa, pamene kudzimana cakudya ndi kumwa tiyi kapena mapilisi oondetsa osavomerezedwa ndi dokotala kungabweretse matenda ena. Koma munthu amene akuonda popanda cifukwa apite ku cipatala msanga, pakuti cingakhale cizindikiro ca shuga, TB kapena matenda ena.

Maganizo a anthu ndi zimene boma lacita

Kwa nthawi yaitali thupi lalikulu laonedwa ngati cizindikiro ca cuma, ndipo mkazi akanenepa pa ukwati anthu amati akusungidwa bwino. M'zaka zimene Edzi inapha anthu ambiri, kuonda kunali kocititsa manyazi, kotero kuti ena amaopabe kucepetsa thupi poopa kunenedwa. Azaumoyo amacenjeza kuti thanzi silioneka ndi maso. Limadziwika pa sikelo, pa muyezo wa BP ndi pa kupima magazi.

Bungwe la National Food and Nutrition Commission, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1967, ndilo limalangiza boma pa nkhani za zakudya, ndipo lamulo latsopano loyendetsa nchito yake linapangidwa m'caka ca 2020. M'caka ca 2019 boma linaika msonkho pa zakumwa za m'mabotolo zosaledzeretsa. Dziko lonse lapansi limakumbukira vuto la kunenepa pa 4 March caka ciliconse.

Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa acikulire onse kupimitsa BP, shuga ndi kulemera kwa thupi ku kiliniki ya pafupi, ngakhale pamene sakumva kupweteka kulikonse. Amene m'banja mwao muli odwala shuga, BP kapena sitiroko ndiwo ayenera kupita msanga koposa.